Dontho la Vinyo ku Minda ya Tiyi

Ine ndimawotcherera zitsulo. Shedi yathu ili kuseri kwa Ginnery Corner, ndipo timapanga mageti, zitsulo za m'mawindo, nthawi zina mabedi. Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 1. Anthu ena ndimawauza kuti inali nkhani ya fizi, koma zoona zake n'zakuti ndinamenya mnyamata wa Fomu 4 amene ankaseka nsapato zanga. Aphunzitsi aakulu anati ndikapepese pamaso pa sukulu yonse. Ndinatuluka pa geti, osabwereranso. Mayi anga amati mtima wapachala ndinatengera agogo anga aamuna amene anachokera ku Mozambique. Ine masiku amenewo ndinkati vuto si ine, ndi anthu amene amandiyamba.

Wachikondi wanga ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Chichiri, yoyankha mafoni ndi kulemba makalata pa kompyuta. Tinadziwana ndikuika geti pa nyumba ya makolo ake ku Chitawira. Kwawo ndi anthu a tchalitchi, bambo ake ndi mkulu wa mpingo. Kwathu ndife Akatolika a ku Bangwe, aja ofika ku Misa ansembe atayamba kale kulalikira. Patatha zaka ziwiri tinagwirizana kuti amalume anga akaonekere kwa amalume ake, nkhani ya chinkhoswe iyambike. Tsiku linali litasankhidwa kale.

Kenako ndinamenyana ndi kondakitala pa depoti ya Limbe, iye ali pomwepo. Mnyamatayo anamugwira mkono pomukokera mu minibasi yake, ine n'kumupatsa chibakera cha pakamwa. Ndinkayesa kuti andithokoza. Anandifulatira mpaka tinatsika.

Sabata yomweyo ku ofesi kwawo anachititsa maere a antchito, ndipo mphatso inagwera iye: masiku awiri, anthu awiri, pa hotela ina ya anthu olemera imene ili pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo. Chipinda, chakudya, zonse. Anandiuza tili pa siteji ya ku Chichiri, akudikira minibasi yoweruka.

"Tipita tonse," anatero. "Koma tamvera. Loweruka ndi Lamulungu, osakalipira munthu, osakweza mawu, osamenya chinthu. Ukakwanitsa, amalume ako apite kwathu. Ukalephera, ndikawauza amalume anga kuti asadikire mlendo."

"Masiku awiri okha? Ndi nkhani imeneyo?"

"Kwa anthu ena si nkhani."

Ndinaseka, koma iye sanaseke.

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi ku Limbe. Ine ndinavala jekete ya msuweni wanga, yaifupi mikono, moti zipsera za moto za m'manja mwanga zinkaonekera zonse. Iye anali atanyamula diresi yoyera yatsopano m'chikwama, yoti akavale Lamulungu. Tinatsika pa mphambano ina, n'kukwera njinga ziwiri za kabaza mpaka pa geti la hotela. Mlonda anatiyang'ana, kenako anasuzumira kumbuyo kwathu.

"Galimoto ikubwera m'mbuyo, bwana?"

Ndinamva kutentha kukukwera kuchokera pa chifuwa. Wachikondi wanga anandiyang'ana ndi diso la m'mbali. Ndinameza malovu.

"Galimoto ndi imene mwaionayo," ndinatero, ndipo ndinaonetsa mano kuti zioneke ngati nthabwala.

Mlonda anaseka natsegula. Ndikudutsa ndinaona kuti geti lawolo, lalikulu chonchija, amene analiwotcherera anali wosadziwa ntchito. M'mfundo monse munali timabowo, anangobisa ndi penti. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi pang'ono.

Malowo anali okongola, sindinganame. Tiyi wobiriwira kuchokera pa khonde mpaka kumene maso alekeza, wodulidwa mofanana ngati wametedwa ndi munthu mmodzi. Bedi la m'chipinda mwathu linali loti banja lathu lonse la ku Bangwe likanagonapo, malo n'kutsala. Matawulo anali atawapinda ngati mbalame. Wachikondi wanga anajambula mbalame zija, anajambula bafa, anajambula ngakhale kasopo. Kenako anakhala pa mpando wa pa khonde, natambasula miyendo, n'kutseka maso.

Ine ndinalephera kukhala. Makutu anga anazolowera gilayinda yodulira zitsulo, nyundo, mahutala a mu msewu wa Chipembere, anyamata oitanira akukuwa. Kumeneko kunali zii. Unkamva wotchi ya pa khoma, unkamva mimba yako. Ndinayatsa TV, n'kuzimitsa. Ndinatsegula windo kuona mahinjesi. Ndinagwada kusuzumira pansi pa bedi kuti ndione mmene analumikizira zitsulo.

"Ukufuna chiyani pansi apo?"

"Ndikungoona."

"Tabwera kudzapuma. Khala pansi."

"Ndapuma kale."

Ndinatuluka kukayenda m'minda. Ndinakumana ndi amayi othyola tiyi, madengu ali kumsana. Ndinawapatsa moni ngati anthu akwathu, iwo n'kupatuka m'njira, nati, "Zikomo bwana." Mawu amenewa ndi amene ankandidya. Mlonda, bwana. Mtsikana wa pa malo olandirira alendo, bwana. Wosesa, bwana. Ku shedi palibe amene amanditcha choncho, kumeneko ndine aise, ndine iwe, nthawi zina ndine galu iwe. Ndiye aliyense akati bwana ndinkayang'ana pakamwa pake kuti ndione ngati akubisa chiseko. Ndinkadziwa kuti aona jekete, aona manja, adziwa kuti ndife a mphatso.

Amene ankatiperekera chakudya anali bambo wina wachikulire, wa imvi, wowonda, wovala malaya oyera ndi kansalu kopachika pa mkono. Ankayenda osamveka mapazi. Pa chakudya choyamba ndinatenga foloko yolakwika. Iwo anangobwera n'kuika ina pafupi ndi dzanja langa, ngati yangogwera pomwepo. Wachikondi wanga anati ndi munthu wabwino. Ine ndinaona ngati wandiyalutsa mwakachetechete. Koma ndinameza. Loweruka lonse ndinameza. Nyama inabwera kachidutswa kamodzi pakati pa mbale yaikulu, ndinameza. Madzi a m'bafa anandiwotcha chifukwa mpopi wake unali wotembenuza mosiyana, ndinatukwana chamumtima chokha. Lamulungu m'mawa wachikondi wanga anandigwira dzanja tikuyenda, nati, "Ukuyesetsatu." Ndinamva ngati ndakhoza mayeso amene sindinalembepo.

Chinatsala chinali chakudya chamasana cha Lamulungu, kenako ulendo wobwerera. Tinakhala pa khonde, dzuwa lili bwino, iye atavala diresi yoyera ija. Mphatso ija inali ndi botolo la vinyo wochokera ku South Africa, ndipo anati atipatsa pa chakudya chomalizachi. Wachikondi wanga samwa, ankangofuna kujambula tambula ili m'manja. Ine mowa ndimaudziwa, koma vinyo ndinkangomuonera patali ku Misa, ansembe akumwa okha.

Bambo aja anabwera ndi botolo. Anaima mbali yanga, n'kulitembenuza kuti ndione zolemba zake. Anadikira. Ndinayang'ana zolembazo, zachilendo, zina sizinali ngakhale Chingerezi. Ndinaganiza kuti akufuna aone ngati ndimatha kuwerenga. Ndinagwedeza mutu kuti achoke. Anatsegula botolo pang'onopang'ono, naika chotsekera chake pafupi ndi mbale yanga. Kenako anathira mu tambula yanga kavinyo kochepa, kosakwana ngakhale kunyowetsa lilime, nasiya. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, botolo lili m'manja, n'kumandiyang'ana.

Ndinadikira kuti apitirize. Iwonso anadikira.

Ndinayang'ana tebulo la pafupi. Panali bambo wina wa kabudula, makiyi a galimoto ali pa tebulo, ndi mkazi wake. Matambula awo anali ndi vinyo wokwanira bwino. Ndinayang'ananso yanga. Dontho.

Kuti mumvetse, kwathu mowa uli ndi mwambo wake. Azakhali anga ankaphika masese ku Bangwe, ndipo ndakula ndikuona. Wopereka mowa ndiye amayamba kumwa, pamaso pa mlendo, kusonyeza kuti mulibe choipa. Akatero amadzaza chipanda n'kupereka ndi manja awiri. Kumuuza mlendo kuti ayambe ndiye kumwa, n'kumuyesa galu woyesera chakudya. Ndipo kumuthirira dontho, n'kumuuza kuti si munthu woti n'kumuwonongera mowa. Ine pa tebulo paja ndinaona zipongwe ziwiri mu tambula imodzi.

"Madala," ndinatero, "chimenechi n'chiyani?"

"Mulawe, bwana."

"Ndilawe? Ine?"

Phazi la wachikondi wanga linandiponda pansi pa tebulo. Sindinalimve n'komwe.

"Awo mwawathirira bwinobwino. Ine mwandipatsa malovu. Chifukwa chiyani? Chifukwa tabwera pa kabaza? Chifukwa ndife a mphatso?"

"Iwe, tsitsa mawu," anatero wachikondi wanga.

"Ayi, andiyankhe. Kuyambira dzulo bwana, bwana, uku mukutiseka kukhitchini. Munthu wamkulu ngati inu simudziwa kuti mwini mowa ndiye amalawa? Lawani nokha! Ine si mwana woti muzindinyambititsa!"

Sindikumbukira nthawi imene ndinaimirira. Ndikukumbukira dzanja langa likumenya tebulo, mafoloko akudumpha, tambula ikugwa. Inagubuduka n'kukasweka pansi. Koma isanagwe, kadontho kaja, komwe ndinkati n'kochepa, kanatayikira pa diresi yoyera, pa chifuwa penipeni. Kanafalikira ngati duwa lofiira.

Anthu onse a pa khonde anatembenuka. Bambo wa kabudula anasiya kutafuna.

Bambo achikulire aja sanasunthe. Botolo linali chigwirire, silinatayike ngakhale pang'ono. Analankhula motsitsa, kuti timve ife tokha.

"Pepani, bwana. Timatero kwa aliyense. Timathira pang'ono kuti mwini tebulo alawe kaye. Vinyo akakhala kuti wawonongeka, mumabweza, ife timabweretsa botolo lina. Akakhala bwino, mumangoti thirani. Abwana awo analawanso, inu musanafike."

Mwini tebulo. Masiku awiri ndinkasakasaka chipongwe, ndipo pamene ndinachipeza, chinali ulemu.

Anagwada n'kuyamba kutola magalasi ndi kansalu kawo kaja. Munthu wa msinkhu wa bambo anga, akutola pa mapazi anga. Ndinangoima n'kumawayang'ana.

Wachikondi wanga anayang'ana diresi yake, kenako anandiyang'ana ine. Sanalire. Chimene chinandiopsa n'chakuti anasiya kunditcha iwe.

"Mwamva zimene anena?" anatero. "Chikakhala choipa, amabweza." Anaimirira. "Kunatsala maola awiri okha, achimwene. Awiri."

Tinauyamba ulendo wobwerera. Mu minibasi anakhala pa windo, chikwama atachikumbatira pa chifuwa kubisa banga lija. Pa depoti ya Limbe ndinafuna kumunyamulira chikwama, iye anakana. "Musandiperekeze," anatero, n'kukwera yopita m'tauni.

Masabata amene anatsatira sindinakhale pansi. Mafoni anga sankayankha. Ku shedi ndinawotcherera geti la kasitomala mozondoka, mahinjesi kumanzere pamene anafuna kumanja, mpaka abwana anandiuza kuti ndikapume ndisanawotche shedi. Nthawi ya nkhomaliro ndinkayenda wapansi kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Chichiri, n'kuima tsidya la msewu kuyang'ana mawindo a ofesi yawo, kenako n'kubwerera osadya. Amalume anga anandiimbira kufunsa ngati tsiku lija lilipobe, poti anali atachapitsa kale suti. Ndinati ndiwauza.

Sabata yoyamba ndinkati olakwa ndi a hotela. Bwanji osalemba pa khoma kuti kuno timalawitsa alendo? Sabata yachiwiri ndinkati wolakwa ndi wachikondi wanga, amene anandipititsa kumalo oti sindikuwadziwa n'cholinga choti ndigwe. Ndinawafotokozera mayi anga nkhani yonse, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo pa za mwambo wa mowa. Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Ndiye munthu wamkuluyo anakulakwira chiyani?"

"Anandipatsa dontho."

"Ndafunsa kuti anakulakwira chiyani."

Ndinatuluka panja.

Lamulungu lachitatu ndinapezeka ndili mu minibasi ya ku Thyolo. Kunena zoona, pokwera sindinkadziwa ngati ndikupita kukapepesa kapena kukamaliza mkangano. Mlonda uja anandizindikira.

"Abwana a tambula aja!" anatero. Ndiye kuti nkhani inali itafika mpaka pa geti.

Ndinameza. Ndinapempha kuonana ndi bambo operekera chakudya aja. Anandilozera kakhomo ka kuseri, kolowera antchito, ndipo ndinadikira pa benchi pafupi ndi migolo ya zinyalala kwa nthawi yaitali. Kumeneko kunali phokoso la mapoto, wailesi, anthu akuseka. Ndinamva bwino kuposa pa khonde paja.

Anatuluka atamasula batani la pakhosi, kapu ya tiyi ili m'manja. Atandiona anaima.

"Mwabwera kudzaswa ina?"

"Ayi, madala."

"Chifukwa zotsalazo n'zowerengeka."

Anakhala pa benchi. Ndinayang'ana pansi. Mawu amene ndinakana kunena ndili mu Fomu 1 anali atandipezanso pa benchi imeneyi. Ndinakhosomola kawiri.

"Ndinakulakwirani. Pepani. Ndinakutukwanani popanda chifukwa, pamaso pa anthu."

Anamwa tiyi wawo, osafulumira.

"Kwanu n'kuti, mwana wanga?"

"Ku Bangwe. Agogo anachokera tsidya lija, ku Mozambique."

"Ndinadziwa. Mmene munati mwini mowa ndiye amalawa, ndinati uyu ndi wakwathu." Anaseka chapansipansi. "Ine kwathu n'ku Mulanje. Nditangoyamba ntchito imeneyi ndili mnyamata, anandipatsa botolo kuti ndikapereke kwa mzungu wina ndi mkazi wake. Palibe anandiuza kanthu. Ndinatsegula, ndinathira mu tambula yake, ndinamwa ndekha pamaso pake, n'kumupatsa ndi manja awiri."

"Aaa, madala!"

"Ndithu. Ndinkati ndamuchitira ulemu waukulu. Mzungu maso tuzu. Akuluakulu a hotela anafuna kundichotsa tsiku lomwelo. Anandipulumutsa ndi mkazi wa mzunguyo, amene anaseka mpaka kutsamwa." Anapukusa mutu. "Kusiyana kwa inu ndi ine n'kumodzi. Ine nditasokonezeka ndinafunsa. Inu munamenya tebulo."

Kenako anafunsa za mayi aja a diresi yoyera. Ndinawauza zonse, za masiku awiri, za amalume ndi suti yawo yochapitsa. Sanandipatse malangizo. Anangoti ndidikire, nalowa mkati. Anatuluka ndi chaja ya foni, yokulungidwa bwino ndi kalabala.

"Anaiwala m'chipinda. Tinkasowa womupatsira. Kaperekeni, koma osakagogoda ngati wapolisi."

Potuluka ndinamuuza mlonda kuti geti lawo lidzagwa mvula ikubwerayi, ndipo ndinamuonetsa pamene panali timabowo. Anati akawauza akuluakulu.

Lolemba masana ndinawoloka msewu uja kwa nthawi yoyamba, n'kulowa mu ofesi yawo ndi ovolosi yanga. Anali pa desiki, foni ili kukhutu. Atamaliza ndinaika chaja patsogolo pake. Anaiyang'ana, anaitembenuza.

"Mwaitenga kuti?"

"Kwa madala aja."

"Munapita ku Thyolo?"

"Dzulo."

"Munakawamenya?"

"Ndinakapepesa."

"Inu?"

"Ine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene ndimayang'anira chitsulo kuti ndione ngati chagwirana kapena changomatidwa ndi penti. Foni inaliranso. Asanayankhe anati, "Pitani ku ntchito, mukutidetsera matailosi."

Lachiwiri kunalibe kanthu. Lachitatu kunalibe kanthu. Foni ndinkaiika m'thumba la pa chifuwa kuti ndimve ikanjenjemera, chifukwa mu shedi simumveka kulira kwa foni. Ndinkaitulutsa mphindi iliyonse mpaka anzanga anayamba kundiseka kuti ndikudikira zotsatira za kuchipatala. Wina anandibisira magalasi owotchererera kuti aone ngati ndiphulike. Ndinawafuna mwakachetechete mpaka ndinawapeza mu ndowa. Iwo anayang'anana, nati aise wadwala.

Lachisanu cha m'ma teni, ndili pakati podula chitsulo, ndinamva pa chifuwa kunjenjemera. Ndinazimitsa gilayinda, ndinavula gulovu ndi mano. Uthenga wa wachikondi wanga unali wa liwu limodzi.

"Thirani."

Ndinawerenga katatu. Ndisanayankhe, unalowa wina.

"Koma pang'ono pang'ono. Ndikadalawabe."

Ndinasiya chitsulo chili chodula theka, n'kuthamangira ku siteji kuti ndikawapeze amalume ku Limbe asanabweze suti mu sutikesi. Mu minibasi munali modzaza, ndipo kondakitala anandiponda chala chachikulu ndi nsapato yake yonse, osapepesa. Kutentha kuja kunakwera monga mwa nthawi zonse, kuchokera pa chifuwa mpaka m'makutu. Sikunathe, ndipo mpaka lero sikunathe. Ndinagwira foni m'thumba mwamphamvu, n'kumuuza kuti, "Aise, phazi langa ilo." Anasuntha.

Amalume anapita ku Chitawira Loweruka lotsatira. Diresi ija banga lake silinachoke, ngakhale anaiviika m'mankhwala ochapira kangapo. Sanaitaye. Ili mu wadiropu yathu, kutsogolo kwenikweni, pamene ndimaiona m'mawa uliwonse ndikamatenga ovolosi.